Bawuti ikungozungulira pa kava ya njinga yamoto? Nayi njira yokonzera mazinga osathyola pulasitiki

Mwabwezera kava pa njinga, bawuti yalowa bwinobwino, ndiye pomwe mukuti mulimbitse komaliza mukungomva ikuzungulira basi, siyikugwira komanso siyikufuna kutuluka. Mukakwera njinga kava ija ikungolira khwechekhweche pa bampu iliyonse, pakatha masabata awiri bowo latambasuka, penti yayamba kukhadzuka m'mbali mwake, kenako mng'alu wayambira pomwepo kutsika mpaka pansi. Ambiri akafika apa amatola sikuluwu yaikulu ya matabwa n'kuyikankhira momwemo, ena amathira supaguluu, ena amangomanga ndi waya kuti bola tifike, ndipo njira zitatu zonsezi zimapha kava yomwe ikanatha kukonzeka ndi ndalama yochepa kwambiri.

Ine zinandionekera pa Honda CBR250R yomwe ndinagula yakale, amene anayigwirapo ndisanagule anasakaniza mabawuti, yaitali anayika pofunika yaifupi, ndiye poimanga inakagunda pansi pa bowo n'kukankha kachitsulo ka mazinga mpaka kuzuka mu pulasitiki. Malo anayi anali choncho mbali imodzi yokha. Apa m'pomwe ndinaphunzira kuti mawu oti "mazinga atha" amabisa matenda angapo osiyana, ndipo aliwonse ali ndi mankhwala ake, ukalakwitsa pofufuza ndiye kuti ntchito yonse yalakwika ngakhale ugule guluu wodula chotani. Zomwe ndilembe pano zigwira pa fairing, ndiye kuti makava a njinga zothamanga zija, komanso pa makava a Boxer, TVS, Lifan ndi zina zomwe a kabaza amayendetsa, mitundu ya pulasitiki ndi yomweyomweyo.

Zida ndi zofunika

Simufunika zonsezi nthawi imodzi, werengani kaye mpaka mudziwe vuto lanu kenako mugule zokhazo.

- Ma Allen key a 3, 4 ndi 5 mm, sipanala za 8 ndi 10, pulayazi yogwira mwamphamvu, sikuludiraiva yafulati
- Sikuludiraiva ya mtanda ya JIS ngati njinga ndi ya ku Japan, mutu wa sikuluwu zake nthawi zambiri umakhala ndi kadontho kamodzi pambali pa mtanda, Phillips wamba amaterereka n'kudya mutu
- Mabawuti atsopano a M5 ndi M6 (onenepa 5 mm ndi 6 mm), limodzi ndi manati ndi mawasha, kuphatikiza bawuti imodzi yaitali ya M5 yolembedwa 8.8 pamutu, chizindikiro choti ndi yolimba
- Tapu yodulira mazinga, M5 x 0.8 kapena M6 x 1.0
- Dirilo ndi mabiti, vernier yoyezera kukula kwa bowo ngati mungabwereke
- Soldering iron, kachida kamagetsi kotentha kolumikizira mawaya kaja
- Tupa yaing'ono, sandipepa wokhakhala, mpeni wakuthwa
- Guluu wosakaniza awiri monga Pratley kapena Araldite
- Acetone weniweni, botolo lagalasi la chivindikiro chachitsulo, zidutswa za kava yakale ya pulasitiki ya mtundu wa ABS
- Vaseline kapena girizi, tepi ya pepala, sipiliti, nsanza yoyera
- Zolowa m'malo: makilipi a mazinga, manati a labala, ma insert a mkuwa (tizitsulo ta mazinga tokwirira mu pulasitiki), ma rivnut (manati ofinya ngati riveti)

Zambiri mwa izi mupeza m'mashopu a hadiweya ndi a masipeya, ku Lilongwe cha ku Malangalanga, ku Blantyre cha ku Limbe kapena ku Ndirande. Ma insert a mkuwa ndi omwe amavutirapo kupeza, koma ali mbwee m'makava akale otayidwa, m'zikhokhombe za ma TV, ma printer ndi ma laputopu akufa, kungotenthetsa n'kuzula, bola mazinga ake agwirizane ndi bawuti yanu.

Gawo loyamba: fufuzani chomwe chafa

1. Yambani ndi bawuti yeniyeniyo. Itulutseni muyiyang'ane padzuwa, ngati mazinga ake aphwatalala kapena akunyezimira ngati apalidwa, yesani bawuti yatsopano pa bowo lomwelo ndi zala zokha. Nthawi zina basi ntchito yathera pomwepa. Chenjezo: musayese ndi bawuti yongotola, M5 ndi mabawuti ena a mainchi amafanana kwambiri m'maso, imalowa kawiri katatu kenako imalimba, ndipo mukaikakamiza ndi inuyo amene mwadya mazinga omwe anali abwinobwino.

2. Chotsani kava yonse pa njinga muyigoneke pa chibulangete kapena pa katoni. Osakonza ili pomwepo, simungaone kumbuyo. Pomasula jambulani chithunzi cha kava pa katoni n'kumabaya bawuti iliyonse pamalo ake pachithunzipo, izi zokha zimapulumutsa ku vuto lomwe linagwera njinga yanga lija.

3. Yang'anani kumbuyo muone chomwe bawuti imalowamo. Mupeza chimodzi mwa izi: kilipi yachitsulo yopindika yomwe imaluma m'mphepete mwa pulasitiki, nati ya labala yokhala ndi kamkuwa m'kati imene imapezeka kwambiri pa galasi lakutsogolo, kachitsulo ka mkuwa kokwiriridwa m'kamtondo ka pulasitiki kamene ku shopu amati insert, rivnut yofinyidwa ngati riveti pa chitsulo cha njinga, kapena kamtondo ka pulasitiki kopanda chitsulo chilichonse komwe sikuluwu imadzidulira yokha mazinga.

4. Lowetsani bawuti pang'ono muzungulitse mukuyang'ana kumbuyo. Kodi kachitsulo kakuzungulira limodzi ndi bawuti? Ndiye mazinga ali moyo, chomwe chatha ndi kugwira kwake mu pulasitiki. Kachitsulo kali chilili koma bawuti ikungoyenda? Apo ndiye mazinga athadi.

5. Dziwani mtundu wa pulasitiki, ndipo apa musadumphe chonde. M'kati mwa kava mumakhala zilembo zodinda monga >ABS< kapena >PP<. Makava akunja opentedwa ambiri ndi ABS, amkati akuda okhakhala aja komanso a njinga za m'tchire nthawi zambiri ndi PP. Ngati zilembo sizikuoneka donthezani kadontho ka acetone m'kati mosaonekera, ABS imafewa n'kumata chala, PP siyisintha n'komwe. Njira ina, sengani kachidutswa kakang'ono muponye m'kapu ya madzi, PP imayandama, ABS imamira. Kufunika kwake n'koti pa PP guluu wosakaniza uja sagwira, amauma bwino inde koma amasupuka wonse ngati khungu la mbatata yophika, ndiye PP imafuna moto kapena nati yodutsa kuseri.

Bawuti yakanirira, ikuzungulira osatuluka

Izi zimachitika pamene kachitsulo kamasuka mu pulasitiki koma kagwirana ndi bawuti chifukwa cha dzimbiri.

1. Matani tepi pa penti mozungulira mutu wa bawuti, kulungani tepi kunsonga kwa sikuludiraiva yafulati, ilowetseni pansi pa mutu muzikankhira bawuti kunja pang'onopang'ono uku mukumasula. Kukoka kumeneku kumapangitsa kachitsulo kuluma pulasitiki kokwanira kuti bawuti iyambe kuyenda. Musatsamire mwamphamvu, kava imang'aluka.

2. Ngati dzanja likufika kuseri, gwirani kachitsulo kapena labalayo ndi pulayazi.

3. Zikakanika zonse, ikani nsonga ya soldering iron pamutu pa bawuti kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kutentha kutsika ndi bawuti mpaka pa mkuwa, pulasitiki ifewa, ndiye mukoke molunjika zituluke zonse pamodzi. Mukatero gwirani mkuwa pa vayisi kapena pulayazi mumasule bawuti muli panja. Samalani kuti mutu wotenthawo usakhudze penti, ikani washa yachitsulo kapena kakatoni kokhuthala pakati ngati pali mpata.

Kilipi ndi nati ya labala: izi sitikonza, timasintha

Kilipi ikatha mazinga kapena yatambasuka, ikokeni ndi pulayazi muike ina, mbali ya mazinga ikhale kuseri, basi. Kungoti onetsetsani bowo la kilipi lalunjikana ndi la pulasitiki musanamange.

Nati ya labala imagwira chifukwa mukamamanga, kamkuwa kamakokedwa ndipo labala amafufuma kuseri ngati chitumbuwa. Dzuwa lathu la Okutobala limaumitsa labala ameneyu, amasweka, ndiye amangozungulira. Mdule ndi mpeni mumukankhire kunja, muike watsopano. Wa M5 amafuna bowo la pafupifupi 10 mm, ndipo musapake girizi kapena oyilo kunja kwa labala poti alowe msanga, azizungulira mpaka kale, madzi a sopo pang'ono ndi okwanira. Pomanga, mukangomva kuti wagwira onjezani pang'ono chabe, nati ya labala siyifika polimba nga ngati yachitsulo, mukamadikira kuti ilimbe mudzazula kamkuwa m'kati mwa labala watsopanoyo tsiku lomwelo.

Insert ya mkuwa yomwe ikuzungulira mu pulasitiki

Ili ndiye vuto lalikulu ndipo ndikhalapo pang'ono. Pali njira ziwiri, ya moto ndi ya guluu.

*Njira ya moto, pamene bowo silinakule kwambiri*

1. Zulani insert ngati ikadali momwemo, ilowetseni bawuti, tenthetsani, kokani molunjika. Tsukani mano ake akunja ndi bulashi yawaya mpaka pulasitiki yakale ndi fumbi zichoke.

2. Yezani bowo. Likuyenera kukhala locheperapo pang'ono kuposa mano akunja a insert kuti pakhale pulasitiki yosungunuka yodzaza m'manomo. Ma insert ambiri a M5 amafuna bowo la pafupifupi 6.4 mm koma yezani yanu chifukwa amasiyana. Ngati insert ikugwera yokha m'bowo osakankha, bowolo lakula, sengani tizidutswa ta pulasitiki ya mtundu womwewo musungunulire m'mbali mwa bowo ndi nsonga ya soldering iron mpaka lichepe, kapena pezani insert yonenepako.

3. Khazikani insert pakamwa pa bowo, mbali yowonda pansi. Ikani nsonga ya soldering iron m'kati mwake. Ngati yanu imasinthika kutentha, pa ABS ikeni cha m'ma digiri 240 mpaka 260 Celsius.

4. Dikirani. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa, amakankha ndi mphamvu mkuwa usanatenthe, kamtondo n'kung'aluka. Mkuwa ukatentha umamira wokha ngati mpeni m'majarini, inu ntchito yanu n'kungowongolera kuti usapendekeke.

5. Pakatsala pang'ono kuti ifike, mwina milimita imodzi, chotsani soldering iron mumalizitse kukankha ndi chitsulo chosalala chozizira monga mbali ya sipanala, gwirani choncho masekondi makumi awiri. Izi zimapangitsa insert kukhala mulingo umodzi ndi pakamwa pa kamtondo komanso molunjika.

6. Siyani izizire mphindi khumi kapena kuposa musanalowetse bawuti. Osathira madzi.

Nanga magetsi akazima kapena mulibe soldering iron? Mangirirani insert kunsonga kwa bawuti yaitali, gwirani mutu wake ndi pulayazi, tenthetsani pa makala a pa mbaula kwa kanthawi kochepa, osati mpaka kufiira ayi, yesani kaye pa chidutswa cha kava yakale, ikamasungunula mosafuka utsi wakuda ndiye yakwana. Kankhani molunjika, gwirani osagwedeza mpaka izizire, kenako mumasule bawuti. Njira iyi imagwira koma chitani kutali ndi njinga, kutali ndi petulo, ndipo acetone asakhale pafupi n'komwe.

*Njira ya guluu, pamene bowo lakula kapena insert yasalala*

1. Kandani m'kati mwa bowo ndi sandipepa wokulunga kapena nsonga ya mpeni, likhale lokhakhala, ndipo ngati n'kotheka pansi pakhale potakata kuposa pakamwa kuti guluu akauma asamazuke. Pukutani ndi sipiliti. Osagwiritsa petulo kapena mankhwala otsukira mabuleki, amafooketsa ABS.

2. Ndi tupa dulani timizere tiwiri titatu kunja kwa insert, tina mozungulira tina motsika. Tozungulira timaletsa kuzuka, totsika timaletsa kuzungulira.

3. Pakani Vaseline pa mazinga a bawuti, ilowetseni mu insert mpaka nsonga ifike kumapeto kwake, mupakenso pang'ono pansongapo. Onetsetsani kuti Vaseline sanafike kunja kwa insert, akafika guluu sagwira, pukutani ndi sipiliti.

4. Sakanizani guluu mofanana mbali zonse ziwiri mpaka mtundu ukhale umodzi, pakani m'bowo ndi kamtengo ka machesi, osadzaza kwambiri, pakaninso pa insert, lowetsani.

5. Kulunjika. Njira yabwino n'kugwiritsa kava inzake yomwe imakhala pamwamba ngati chowongolera, ndiye kuti bawuti idutse kaye m'bowo la kava yapamwambayo musanaimange mu insert, mukhazike zonse momwe zimakhalira pa njinga, mumate ndi tepi. Ikani kapepala ka pulasitiki ka jumbo pakati kuti makava awiriwo asamatane.

6. Guluu akayamba kulimba koma asanaume gwa, zungulitsani bawuti pang'ono kumbuyo n'kubwezera kuti isamatike. Kenako siyani mpaka mawa. Ngakhale pa paketi alembe mphindi zisanu, mphindi zimenezo ndi zoti wayamba kugwira, mphamvu yeniyeni imabwera pakatha maola ambiri, ine ndimapereka maola 24.

Insert ili nga koma mazinga ake atha

1. Yesani kaye kudutsamo tapu ya saizi yomweyo. Iyambeni ndi zala, molunjika, theka kutsogolo pang'ono kumbuyo, kadontho ka oyilo. Nthawi zambiri mazinga awiri oyamba okha ndi omwe apindika ndipo amkati ali bwino. Tapu mulibe? Tengani bawuti ya 8.8 mudule kamzere motsika pa mazinga ake ndi sowo ya zitsulo, imatsuka mazinga bwino ndithu ngakhale siyidula atsopano.

2. Ngati bawuti ikulowa n'kutuluka osazungulitsa, mazinga apita. Zulani insert ndi moto muike ina monga tafotokozera pamwambapa. Helicoil, kawaya kopota ngati sipuling'i kobwezeretsa mazinga m'bowo, ndi yabwino pa chitsulo ndi aluminiyamu, ya M5 imafuna biti ya 5.2 mm, koma pa kamkuwa kakang'ono ka mu pulasitiki ine sindimalimbikitsa, khoma lake ndi lopyapyala ndipo biti ikangoluma insert imazungulira, kutentha, n'kusungunula kamtondo konse.

3. Ena amakweza kuchoka pa M5 kupita pa M6, biti ya 5.0 mm kenako tapu. Pa bulaketi yachitsulo yokhuthala palibe vuto, kungoti bowo la kava nalo lifunika kukulitsa ndipo mudzikumbukira kuti malo amenewo ali ndi bawuti yosiyana ndi anzake.

Kamtondo kang'aluka kapena kathyoka

Kuika insert yatsopano m'kamtondo kong'aluka n'kutaya nthawi, mukangomanga mng'alu umatseguka. Konzani kamtondo kaye.

1. Pa ABS pangani phala lake. Dulani zidutswa zing'onozing'ono za kava yakale ya ABS, palani penti yonse, ikani m'botolo lagalasi, thirani acetone mpaka zimire, tsekani, siyani usiku wonse. Mawa mupeza zasungunuka, takasani, likhale lolimba ngati chiponde. Dziwani kuti mankhwala ambiri ochotsera kyutekisi ali ndi madzi ndi mafuta ndipo ena alibe acetone n'komwe, gulani weniweni ku hadiweya. Chitani panja pamphepo, opanda fodya, opanda moto.

2. Palani mng'alu ndi mpeni ukhale ngati kangalande, donthezani acetone pang'ono kuti mbali zonse zifewe, finyani pamodzi.

3. Kulungani waya wopyapyala katatu kanayi kunja kwa kamtondo mupote nsonga, ngati momwe timamangira mpini wa khasu ukayamba kung'aluka. Waya ameneyu ndi amene amanyamula mphamvu yonse.

4. Pakani phala lija pamwamba pa waya mopyapyala, lisiyeni liume, pakaninso, katatu kapena kanayi, mutsike nalo mpaka patsinde pomwe kamtondo kakumana ndi kava. Mukaunjika lambiri kamodzi kunja kumauma m'kati muli phalaphala kwa masiku, ndipo acetone wochuluka amatha kufewetsa kava mpaka kunja kwa penti kukwinyika.

5. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri, dinani ndi chikhadabo, ngati sichikusiya chizindikiro boolani bowo la saizi yoyenera muike insert. Poboola ikani tepi pa biti posonyeza kuya kwake, kupanda kutero mutulukira kunja kwa penti, ndipo zungulitsani dirilo pang'onopang'ono kapena biti muigwire ndi pulayazi muboole ndi dzanja.

Pa PP phala ili siligwira. Sungunulani ndi soldering iron timizere ta PP todula ku kava ina ya PP, mukwirire kawaya kapena kasefa kachitsulo m'kati. Ndipo kunena zoona pa PP, ngati kuseri kuli malo, ine ndimangoboola n'kudutsitsa bawuti, washa yotakata ndi nati ya nayiloni m'kati ija kuseri, zimakhala zaka.

Kamtondo ka sikuluwu kopanda chitsulo

Ngati sikang'aluke koma sikuluwu sikugwira, dzazani bowo ndi phala la ABS kapena sungunuliranimo pulasitiki, liume, boolani kabowo kocheperapo kuposa sikuluwu, mangani. Ngati kamtondo ndi konenepa bwino, bola kuikamo insert ya mkuwa ya M4 kuti vutolo lithe. Ndipo nthawi zonse pobwezera sikuluwu mu pulasitiki, izungulitseni kaye chobwerera m'mbuyo mpaka mumve kuti tchi, yagwera m'mazinga akale, kenako mumange. Mukangolowetsa chilowetsere imadula mazinga atsopano ulendo uliwonse, kachitatu kachinayi bowo latha.

Rivnut ya pa chitsulo cha njinga

1. Ikamazungulira koma mazinga ali bwino, ifinyeninso. Tengani bawuti yaitali ya 8.8, lowetsani nati mpaka chapakati, kenako washa yopaka girizi, kenako nati ina yaikulu yomwe bawuti imangodutsa osagwira mazinga. Mangani bawuti mu rivnut mpaka idutse mazinga onse.

2. Gwirani mutu wa bawuti usazungulire, gwiraninso nati yaikulu ija, ndiye muzitsitsa nati yapakati ndi sipanala. Ikamatsika imakoka bawuti kunja ndipo rivnut imafufuma kuseri n'kuluma chitsulo. Kotala kapena theka la kuzungulira, yesani, onjezani ngati pakufunika. Mukapitirira mudya mazinga makamaka ikakhala ya aluminiyamu.

3. Mazinga akatha, boolani mlomo wake ndi biti yokulirapo mpaka uduke, kankhani thupi lake ligwere kuseri, muike ina ndi njira yomweyi. Ya M5 imafuna bowo la 7 mm, ya M6 la 9 mm. Bowo likakhala lotakasuka rivnut yatsopano nayo izungulira.

4. Mukasankha kukawotcheretsa nati kuseri kwa bulaketi, bola kuchotsa bulaketiyo kupita nayo yokha kwa owotcherera. Ngati siyichoka, chotsani makava onse, thanki, ndi mawaya a batire, njinga za fuel injection zili ndi kompyuta yomwe siyikondana ndi kuwotcherera.

Kubwezera pa njinga

1. Lowetsani timano ndi timapini ta kava m'malo ake kaye, mulowetse mabawuti onse ndi zala osalimbitsa ngakhale imodzi.

2. Onani kuti mabowo akulunjikana okha. Ngati mukufunika kukoka kava ndi mphamvu kuti bowo lifike, ndiye kuti bulaketi inapindika njinga itagwa, iwongoleni, apo ayi insert yanu yatsopano izikokedwa usana ndi usiku mpaka izuke.

3. Bwezerani tizitsulo ta phewa ndi mawasha a pulasitiki. Kaphewa kaja kalipo kuti bawuti ilimbe pa chitsulo osafinya kava.

4. Limbitsani pang'onopang'ono mosinthanasinthana. M'mabuku a Honda sikuluwu ya 5 mm imamangidwa ndi mphamvu ya cha m'ma 4 Nm (muyezo wa pa sipanala yoyezera), bawuti ndi nati ya 6 mm ndi cha m'ma 10 Nm, ndipo izo ndi za pa chitsulo, pa pulasitiki chepetsani. Kwa amene mulibe sipanala yoyezera, gwirani Allen key kufupi ndi popindika, zala zitatu, osati kumapeto kwa chogwirira ndi dzanja lonse.

Zomwe anthu amalakwitsa kawirikawiri

Choyamba ndi bawuti yaitali m'bowo lotseka pansi. Musanamange, lowetsani kamtengo ka machesi muyeze kuya, muyerekeze ndi bawuti itadutsa kale mu kava. Isagunde pansi.

Loctite ya buluu kapena yofiira pa makava. Anthu amathira ndi mtima wabwino kuti bawuti isamasuke m'misewu ya mabampu, koma mankhwala amenewa akakhudza ABS amaipangitsa kusweka ngati bisiketi, mumapeza ming'alu yozungulira bowo mawa lake. Pa makava gwiritsani washa ya labala kapena nati ya nayiloni.

Supaguluu, ngakhale wosakaniza ndi soda. Amauma gwa koma sapirira kunjenjemera kwa injini, ndipo poti ndi wamadzimadzi amatsikira m'mazinga n'kumata bawuti, tsiku lomasula mumazula kamtondo konse.

Sikuluwu ya matabwa kapena ya malata m'kati mwa insert ya mkuwa. Imagwira lero, koma yatambasula mkuwa ndipo kamtondo kang'aluka kale m'kati ngakhale simukuona.

Kumanga ndi dirilo ya batire. Ena m'magalaja amatero pofuna kufulumira, muwapemphe mwaulemu kuti achimwene makava okhawa mumange ndi dzanja, ndipo poyamba bawuti iliyonse izungulire katatu ndi zala isanaone chida.

Kusiya bawuti imodzi ikusowa poti zinazo zagwira. Zotsalazo zimanyamula katundu wa inzawo, kava imagwedera pamphepo, ndipo mabowo oyandikana nawo ndi amene amatsatira kutha.

Kuthamangira kukwera guluu kapena phala lisanaume. A kabaza ndikudziwa kuti tsiku limodzi njinga itaima ndi ndalama yatayika, ndiye chotsani kava madzulo, konzani, mawa muyende opanda kava imeneyo ngati siyinyamula getsi kapena ma indiketa, mudzaibwezere mkuja itauma bwino.

Mabawuti a stainless owuma m'kati mwa rivnut ya aluminiyamu, kapena bawuti wamba yosapaka kanthu nyengo ya mvula. Zimagwirana, ndipo pomasula chomwe chimagonja ndi kugwira kwa insert. Kadontho ka girizi pa mazinga okha, osati pa pulasitiki kapena pa labala, nthawi iliyonse mwamasula kava.